Moto wa aNabanda

Khalani pansi nonse, ana inu. Iwe Benedito, usabisale kumbuyo kwa alongo ako, chifukwa nkhaniyi yatuluka m'kamwa mwako. Dzulo pamsewu, basi ya ku Dedza itachedwa, ndinakumva ndi makutu angawa ukuuza anzako kuti, "Tiyeni tingoyenda wapansi, basi imeneyi ndi moto wa aNabanda." Anzako anaseka, iwenso unaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine sindinaseke. Basiyo inafika ndithu, koma ndinaisiya, ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa.

Sindikuimba mlandu iwe wekha. Mawu amenewa ali m'kamwa mwa mudzi wonse. Mvula ikachedwa, moto wa aNabanda. Mnyamata akalonjeza ukwati n'kuthawira ku Halale, moto wa aNabanda. Koma nditakufunsani kuti aNabanda anali yani, mungoyang'anana. Anali apongozi anga, mayi wobala agogo anu aakazi, malemu Agata. Ndipo munthu amene anasandutsa dzina lawo kukhala choseketsa ndi ine ndakhala panone. Ndikufuna mwambi umenewu ufe ine ndisanafe. Ndicho chokha ndakuitanirani.

Rozina, kanditengere kabokosi kachitsulo kali kumutu kwa mphasa yanga. Usakagwedeze. Masamba a fodya ali m'menemo si osuta, ndi oingitsa njenjete. Mumandiseka kuti agogo sataya pepala, ngakhale lokulungira sopo. Inde, sinditaya. Munthu amasintha mawu ake dzuwa likatuluka, koma pepala limanena lero zimene linanena dzana. Vuto lake ndi limodzi lokha: pepala silikuuza kuti lili ndi mnzake amene sanafike.

Inu lero muli ndi Baibulo lonse m'chikuto chimodzi, ndipo ndaona ena a inu mukulitsamiritsa pawindo kuti lizitchinga mphepo. Ife mawu a Mulungu ankatifika pang'onopang'ono ngati mchere. Pamene ndinali mphunzitsi wa kasukulu ka m'mudzi muno, nkhondo ya mtengatenga isanayambe, aphunzitsi tonse tinkaitanidwa ku mishoni chaka ndi chaka tikatha kukolola. Tinkanyamuka m'miyezi yozizira, udzu uli mbuu ndi chisanu, opanda nsapato, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Kamba wathu anali chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha. Inu mukayenda kuchoka pano kufika pamsewu mumati mwatopa.

Kumishoni, Abambo wansembe ankatsegula buku lawo lalikulu la Chilatini n'kumatembenuza m'Chinyanja chawo chotsimphina, ife tikulemba. Inki inali ya ufa, tinkasungunula tokha m'kabotolo. Cholembera chinali kamtengo ka nsonga yachitsulo, ndipo nsongayo ikapindika unkaiwongola ndi mano. Masabata athu akatha, Abambo ankatseka buku pamene afikapo, kaya nkhani yatha kaya sinathe. "Zotsala chaka chamawa," ankatero. Tinkabwerera kumidzi ndi mawu a Mulungu okwana m'thumba la malaya, ndipo kumudzi kunalibe wina wodziwa kuposa ife. Chimenecho n'choopsa, ana inu, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu kukhala wodziwa kuposa onse.

Chaka chimene ndikunenachi ndinabwera ndi mapepala angapo. Limodzi ndi ili. Gwirani m'mphepete, manja anu ali ndi mafuta. Ndi lamulo la Mose lozindikirira mneneri wonyenga. Likuti munthu akanena m'dzina la Mulungu kuti chakuti chidzachitika, chinthucho n'kusachitika, ndiye kuti Mulungu sanamutume, ndipo asaopedwe. Lina linali la Yona, koma Yona wanga anathera pagombe, chinsomba chitangomulavula. Belu la chakudya linalira pomwepo, ndipo m'mawa mwake tinabalalika. Ine ndinkayesa kuti nkhani ya Yona ndi ya nsomba basi.

Muyeneranso kudziwa kuti m'mudzi muno ndinali mkamwini. Kwathu ndi kutsidya kwa Linthipe. Mkamwini wa masiku amenewo sanali ngati awa a lero, amene amakhala mpando umodzi ndi apongozi awo m'basi n'kumagawana nzimbe. Ine ndi aNabanda sitinkaonana nkhope. Ndikawaona akuchokera kuchitsime ndinkapatukira kutchire, kaya muli chitedze kaya muli minga. Iwo akandiona ankafunda nsalu kumutu n'kutembenuka. Tikakhala ndi mawu, ankayenda ndi Agata. Ndinkadziwa liwu lawo, katsokomoledwe kawo ndi mapazi awo. Nkhope ayi.

Chodabwitsa n'chakuti anali wophunzira wanga. Analembetsa kuphunzira chikhristu, ndipo pa maphunziro ankakhala panja, kuseri kwa khoma la kum'mawa la kasukulu, n'kumayankha katekisimu kudzera pa kabowo kamene tinasiya kuti kazilowetsa kuwala. Ubatizo unkafuna zaka zinayi za maphunziro. Iwo anali atatha ziwiri osajomba ngakhale tsiku limodzi. Kaundula ndi uyu. Timizere ta kupezeka kwawo mutione nokha, palibe mpata.

Chaka chimenecho chikuku chinalowa m'mudzi n'kutenga ana atatu motsatizana. Anthu anapita kwa woombeza, ndipo ula unagwera mkazi wina wachilendo. Mwamuna wake anamutenga kutali n'kumubweretsa kuno, kenako mwamunayo anamwalira, kumusiya ndi khanda loyamwa kumbuyo. Analibe mlongo, analibe nkhoswe, analibe womuyankhulira. Anthu ankangomutchula kuti Mtengwa, ngati kuti kwawo sanamupatse dzina. Akuluakulu anapangana kuti amwe mwavi. Inu mwavi simuudziwa, ndipo muzithokoza Mulungu. Ndi khungwa la mtengo loponda n'kusakaniza ndi madzi. Ankati wosalakwa amasanza, mfiti imafa. Ine ndinadziwa osalakwa amene sanasanze. Boma linali litaletsa, choncho anakonza zomutengera kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, kumene kunalibe maso.

Masabata atatu ndinalalikira motsutsa mwavi. Ndinafuula mpaka mawu kusasa. Malipiro anga anali liwu lina kumbuyo kwa kasukulu lonena kuti, "Mkamwini asamakule mwendo." Palibe anandimvera.

Tsiku loti anyamuke naye Mtengwa, dzuwa litangotuluka, aNabanda anaima pakati pa mudzi atanyamula mtsuko wopanda madzi. Munthu ameneyu anali asanayankhulepo pabwalo chibadwire. Ine ndinathawira kuseri kwa khola monga mwa mwambo, koma ndinamva zonse, ndipo ndinazilemba tsiku lomwelo.

"Ndalota," anatero. "Ndaona moto ukutsika phiri ili, ukudya nyumba ndi nkhokwe mpaka kudambo. Mulungu wa kusukuluyu wandiuza kuti mwezi uno usanafe mudzi uno upsa, chifukwa cha magazi a mlendo."

A Kachigamba, mlongo wawo wamkulu, amene ankatsogolera ulendowo, anaseka. "Mwalota, kapena mwadya nyemba za dzulo?"

"Nyembazo tinadyera limodzi, achimwene? Pitani naye. Koma pobwera mudzatenge mikeka, chifukwa mudzagona paphulusa."

Chinali chilimwe. Udzu wa m'phiri unali utauma, mphepo ikuwomba kuchokera kumtunda. Amuna anayang'ana phiri, anayang'ana madenga awo. Mmodzimmodzi anayamba kukumbukira ntchito zimene anasiya kunyumba. Wina mbuzi, wina mpini wa khasu. Pofika masana ulendo unali utafa. Kwa woponda mwavi anatumiza uthenga kuti asadikire. Mtengwa anamumasula, ndipo aNabanda anamutenga ndi khanda lake n'kumulowetsa m'nyumba mwawo.

Mwezi wonse anthu sanasose m'minda. Ankalambula udzu kuzungulira mudzi, ankadzaza madzi m'mitsuko yonse, ena anasamutsira chimanga chawo kudambo kumene mbewa zinachita nacho phwando. Mwezi unafa. Wina unaoneka. Kenako mvula inagwa minda isanakonzedwe, ndipo moto sunabwere, ngakhale wosakira mbewa.

Munthu akachita mantha pagulu, mantha akatha amasanduka manyazi, ndipo manyazi amafuna pogwera. A Kachigamba anabwera kusukulu, iwo amene anali asanapondepo.

"Aphunzitsi," anatero, "mapepala anuwo akuti bwanji za munthu wonamizira Mulungu?"

Kanali koyamba kuti mkulu wa mudzi uno anditchule kuti aphunzitsi.

Ndikuuzeni zoona, ana inu, pakuti pa msinkhu uno bodza lilibenso ntchito. Ndinali ndi nsanje. Ine ndinalalikira masabata atatu ndi mawu olembedwa, osamveka. Mayi wosadziwa kugwira cholembera analota kamodzi, mudzi wonse unagwada. Lamulungu lotsatira kasukulu kanadzaza mpaka panja. Ndinatulutsa pepala la Mose, ndinaliwerenga kawiri. Dzina sindinatchule, panalibe chifukwa. Kenako ndinatenga rula n'kudula dzina lawo m'kaundula anthu onse akuona. Onani mzerewo. Wowongoka bwino, eti? Kuseri kwa khoma ndinamva munthu akudzuka, akusansa nsalu, n'kuchoka pang'onopang'ono.

Agogo anu Agata sanali munthu wa mawu ambiri. Tsiku limenelo anandidikira pakhomo.

"A Mbewe, munawafunsa amayi?"

"Ndiwafunse chiyani? Zalembedwa."

"Zalembedwa. Nanga Mtengwa uja akupuma kapena sakupuma?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Kwa inu," anatero, n'kutenga mtsuko wake.

Mwambi uja unabadwa chaka chimenecho. Nkhani ya mwavi anthu anaikwirira, chifukwa ikanamveka kuboma ikanabweretsa asilikali. Anasunga mbali yoseketsa yokha. Ndi chifukwa chake inu mwalandira chiseko popanda nkhani yake, ngati munthu wolandira mpini wopanda khasu.

Chaka chotsatira Abambo anatiphunzitsa za masakramenti, Yona anakhalabe pagombe. Chaka chinacho m'pamene anatsegula buku lija n'kufunsa kuti, "Kodi Yona tinamusiya pati?" Pepala lachiwiri ndi ili. Ndinalemba ndi dzanja lomweli kuti Yona analowa mumzinda waukulu woipa, nalalikira kuti pakapita masiku makumi anayi udzapasuka. Anthu anamva, analeka zoipa zawo. Masiku anakwana, mzinda sunapasuke. Yona anakwiya, anakakhala kunja kwa mzinda kudikira kuti aone chimene chichitike. Onani apa pamene inki inadontha. Ndi pamene ndinasiya kulemba n'kuimika dzanja.

"Abambo, ndiye kuti Yona anali mneneri wonyenga?"

"Iyayi, Simiyoni."

"Koma zimene ananena sizinachitike. Mose akuti wotere asaopedwe."

"Iwe uli ndi mwana," anatero. "Ukamuuza kuti, ndikukwapula, iye n'kutaya mpeni umene amaseweretsa, umamukwapulabe kuti anthu asakuyese wabodza?"

"Nanga bwanji simunatiuze chaka chija?"

"Belu linalira. Ndipo palibe anafunsa."

Safunsa anadya phula. Ulendo wobwerera unali wa tsiku limodzi. Kuchoka kumishoni mpaka pamtsinje ndinakwiyira belu. Kuchoka pamtsinje mpaka pachitunda ndinakwiyira Abambo. Pachitunda ndinakwiyira Mose, kuti analemberanji lamulo lopanda khomo lotulukira. Pofika m'minda ya mudzi uno onse anali atatha, ndinatsala ndekha.

M'mawa mwake ndinagwira tambala wanga wamkulu n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe ya apongozi. Iwo anali mbali inayo akutong'ola chimanga. Agata anakhala pambali pamene tonse awiri tinkamuona. Tinkamvana bwinobwino, koma mawu anayenera kudutsa mwa iye.

"Amayi a Yosefe," ndinatero kwa Agata, "auzeni amayi kuti ndabwera ndi pepala lina."

"Iwe Agata, uwafunse a Mbewe ngati limeneli ndi lodula kapena lolumikiza."

Ndinawerenga lonse. Ndili pakati, chimanga chinasiya kugwera m'lichero.

"Uwafunse, Yonayo anthu anamuseka?"

"Auzeni kuti pepala silikunena."

"Anamuseka. Ine ndikudziwa." Anayambanso kutong'ola. "Uwauze kuti inenso ndinaudikira motowo. Masiku omaliza a mwezi uja ndinkakwera pachulu apo n'kumayang'ana kuphiri. Ndinkati, Ambuye, ngakhale kankhokwe kamodzi ka achimwene, kuti aleke mano panja. Tsono asandiyese woyera."

Agata anaseka mpaka misozi, ndipo sindinadziwe ngati misoziyo inali ya kuseka kokha.

"Auzeni kuti ndinalakwa," ndinatero, "ndipo dzina lawo ndilibwezera m'kaundula lero."

"Tambalayo ndalandira. Koma uwauze kuti anandivula pa anthu, akandiveke pa anthu. Ndipo uwafunse ichi, iwo odziwa kuwerenga. Ine ndinalota ndithu, sindinapeke. Ngati Mulungu ankadziwa kuti moto sautumiza, anandionetseranji? Anandinamiza kuti Mtengwa apulumuke, ine n'kutsala choseketsa ana?"

Agata anatembenukira kwa ine. Funso limenelo ndinalibe pepala lake.

Lamulungu ndinaimirira n'kuwerenga za Yona, ndipo ulendo uno dzina ndinatchula. Ndinati aNabanda sananamize Mulungu, ndinati wolakwa ndine. Anthu anali ochepa, pakuti kupepesa sikudzaza nyumba ngati kudzudzula. A Kachigamba anali atakhala pakhomo, anakanda ndevu zawo.

"Aphunzitsi, ife tidikira la chaka chamawa. Mwina lidzanena kuti mwavi ndi wabwino."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunameza zonse ndinanenazo. Dzina ndinalilembanso, apa m'munsimu. Koma lamulo linali loti wodulidwa ayambirenso zaka zinayi. Zaka ziwiri zawo zija ndinazidya ine ndi rula. Anabwerera kuseri kwa khoma osadandaula, n'kuyambanso kuyankha mafunso amene anawadziwa kale kuposa ine.

Kenako inabwera nkhondo. Amuna tinatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, sukulu inatsekedwa, maphunziro awo anaimanso. Za ulendo umenewo ndidzakuuzani tsiku lina, ngati mudzakhale ndi mimba yolimba. Lero ndingotchula munthu mmodzi, a Yobe a ku Ntcheu, mphunzitsi wa mpingo wina, amene ankadziwa Chingerezi ndipo anali ndi Baibulo lonse la chiyankhulo chimenecho m'kathumba ka chikopa. Tinkakangana popuma masana paliponse.

"Inu Aroma," ankatero, "mumawerenga Mawu ngati nkhuku ikumwa madzi. Kadontho kamodzi, kuyang'ana kumwamba."

Tsiku lina ndinawapatsa funso la apongozi anga. Anati, "Limenelo ndi laling'ono, achimwene. Imvani ili." Anandiwerengera za mfumu Ahabu, imene inkafuna kupita kunkhondo. Aneneri mazana anayi anaiuza kuti ipite, ikapambana. Mneneri mmodzi yekha anakana. Anati anaona mzimu wonama ukuloledwa ndi Mulungu kuti ukalowe m'kamwa mwa anzake aja. Mfumu inamutsekera, inapita, inakafera komweko. Ndinalemba kumbuyo kwa pepala limene ndinamatula pa bokosi la katundu. Ndi ili, lachitatu, lodetsedwa ndi thukuta.

"Ndiye kuti Mulungu amanamiza anthu?" ndinafunsa.

"Zalembedwa," anatero a Yobe.

Ndinamva mawu angaanga akundibwerera kuchokera m'kamwa mwa munthu wina, ndipo sanakome.

Funso limenelo ndinalisenza pamutu pamodzi ndi katundu, miyezi yambiri. Chimene ndinapeza ndi ichi, ndipo ndi changa, musachiike m'kamwa mwa Abambo kapena mwa a Yobe. Mfumu ija sinapite mumdima. Inauzidwa zonse isananyamuke, bodza linavulidwa pamaso pake, koma inasankha liwu limene linaikomera. Ndipo mzimu wonama sunakhale mwa munthu amene anaima yekha kutsutsa gulu. Unakhala mwa amene anapatsa mfumu mawu amene inabwera kudzafuna. Tsono m'mudzi muno, ndani anaima yekha ndi mtsuko wopanda madzi? Ndipo ndani anapatsa a Kachigamba mawu amene anabwera kudzafuna? Pepala la Mose silinaname. Linali loona tsiku lija, ndi loona lero, ndipo aneneri onama amene akuyendayenda masiku ano ndi mabelu awo muziwayesa nalo. Chonama chinali m'kamwa mwa woliwerenga.

Musayese kuti ndamasula zonse. Chifukwa chimene Mulungu amalolera pakamwa pa munthu kusokera kenako n'kulanga mwini pakamwapo, sindichidziwa. Chifukwa chimene anapulumutsira mkazi mmodzi ndi manyazi a mkazi wina, sindichidziwa, ndipo masiku ena chimandikwiyitsabe. Inu amene mwapita sukulu zapamwamba mudzandiuza kuti mapepalawa akutsutsana. Mwina. Mafuwa nawonso amatsutsana, lililonse limakankhira mbali yake. Ine ndinayesa kuphika pa fuwa limodzi, ndipo amene anapsa si ine.

Ndinabwerako kunkhondo ndili ngati bango. Tisanapume n'komwe, nthenda ya fuluwenza inafika. Tinkakumba manda m'mawa, masana tikukumba ena. Kumishoni nakonso anali chigonere. ANabanda anadwala asanamalize zaka zawo zinayi zachiwiri. Mpingo umalola mphunzitsi kubatiza munthu amene ali pafupi kufa ngati wansembe palibe. Agata anandipeza kumanda dzuwa lili paliwombo, khasu lili m'manja.

"A Mbewe, amayi akupita. Akufuna madzi aja."

"Tumani munthu kumishoni."

"Akafika mawa. Amayi safika mawa."

"Nanga ine ndikalowa bwanji m'nyumba mwa apongozi?"

"Ndi miyendo," anatero.

Pakhonde panali amayi achikulire atatu. Atandiona ndi chikho cha madzi anagwira pakamwa. Wina anati, "Mkamwini kulowa muno? Malodza!" Amene anatsegula chitseko anali Mtengwa, pakuti ndiye ankawadwazika. Anangoima pakati pa ine ndi amayi aja mpaka nditalowa.

Ndinalowa chogwada. Zaka khumi ndili m'mudzi muno, ndipo tsiku limenelo ndinaona nkhope yawo koyamba. Anali ndi mphini ziwiri patsaya, ndi timaso tating'ono toseka, maso a Rozinawa. Sanafunde nsalu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, n'kuyankhula kwa ine mwini, popanda wodutsamo.

"A Mbewe, kodi ndinu wamfupi chonchi? Liwu lija ndinkayesa chimunthu."

"Ndine ndemwe, amayi."

"Mapepala mwawerenga onse? Musadzabwere mawa ndi lina kudzandipukuta madziwa."

"Onse sindinawerenge, amayi. Koma madzi awa sapukutika."

"Nanga funso langa lija?"

"Yankho lake sindinalipeze."

"Chabwino. Ndikafunsa ndekha, ndatsala pang'ono kufika. Thirani."

Dzanja limene linadula mowongoka linaphonya pothira, mpaka madzi ena analowa m'khutu. Anatsinzina diso limodzi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, m'khutu ndinamva kale." Anamwalira dzuwa lisanalowe. M'kaundula ndinalemba ndekha, apa. Zilembo zake n'zokhotakhota, si zanga zimene mumazidziwa.

Kuyambira pamenepo ndalimbana ndi mwambi uja zaka zonsezi. Ndadzudzula akulu pamaliro, ndathamangitsa ana ndi ndodo, ndakangana ndi anthu pamsika amene sadziwa n'komwe kuti mudzi uno uli kuti. Mwambi wayenda kufika kumene ine sindinafike. Ndinkadzitonthoza kuti bola m'nyumba mwanga sunalowe. Dzulo ndinaumva m'kamwa mwa mdzukulu wanga.

Tsono iwe Benedito, dzutsa mutu. Mtengwa uja anali ndi dzina, anali Nachisale. Khanda limene linali kumbuyo kwake m'mawa uja linali la miyezi inayi, ndipo masiku amenewo khanda loyamwa mayi akafa silinkachedwa kumutsatira. Khanda limenelo linakula m'nyumba mwa aNabanda, linabatizidwa dzina la Marita, linakwatiwa ndi mwana wanga Yosefe. Ndi amayi ako. Sanakuuze chifukwa palibe amakonda kuuza ana ake kuti agogo awo ankatchedwa mfiti. Usalire, si chimene ndakuitanira. Ndikungofuna udziwe kuti moto sunabwere, koma iwe unabwera, ndi miyendo iwiri yoyendera wapansi ndi pakamwa posekera pamsewu.

Rozina, maso ako ndi akuthwa, lowetsa ulusi pa singano iyi. Upinde kawiri kuti ulimbe. Tisoka mapepala atatuwa pamodzi, la Mose, la Yona ndi la mfumu ija, kuti wina asadzatulutse limodzi lokha n'kuthamangira rula. Kumapeto usiye ulusi wautali, mwina pali lachinayi limene silinandipeze. Benedito, gwira m'mphepete, usakwinye. Kabokosi aka ndikusiyira iwe, ndipo masamba a fodya uzisintha chaka ndi chaka tikatha kukolola. Wina akadzanena mawu aja iwe ukumva, usamumenye, ine ndinayesa, sizithandiza. Umukhazike pansi, umuuze kuti amayi ako ndi yani.

Ndipo basi ikachedwa, uziti basi yachedwa.